Chinavuta ndi chani pa mathero a Game of Thrones kuti anthu akwiye chonchija?

Mu May 2019 anthu oposa 1 miliyoni anasayina petishoni pa Change.org yopempha HBO, kampani ya TV ya ku America yomwe inapanga filimuyi, kuti ijambulenso sizoni 8 ya Game of Thrones, ati ipeze olemba odziwa ntchito ayambirenso, ndipo nambalayo inapitilirabe kukwera mpaka kukafika cha m'ma 1.8 miliyoni. Iyi ndi filimu yomwe kuyambira 2011 anthu amaitama kuti palibenso ina pa TV, yomwe ena kuno amadzukira 3 koloko m'bandakucha Lolemba kuti awonere pa DStv nthawi imodzi ndi aku America, kuopa kuti akafika ku ntchito kapena akangotsegula WhatsApp wina awauziratu amene wafa. Nde zinatheka bwanji kuti chikondi chonsecho chisanduke mkwiyo m'masabata 6 okha? Ngati simunawonere ndipo mukufuna mudzawonere, dziwani kuti pansipa ndaulula zonse.

Ambiri amene sanaitsate amangoti anthu anakwiya chifukwa amene amamukonda sanakhale mfumu, kapena chifukwa Daenerys, mkazi wa madiragoni uja wofuna mpando wachifumu, anafa. Ine sindikugwirizana nazo zimenezo ngakhale pang'ono. Owonera Game of Thrones anali atazolowera kale kulira. Mu sizoni yoyamba yomwe, Ned Stark, munthu amene aliyense amaganiza kuti ndi mwini filimu, anadulidwa mutu mu episodi 9 ana ake aakazi awiri ali pompo. Mu 2013 kunabwera ukwati uja umatchedwa Red Wedding, komwe Robb Stark, mkazi wake woyembekezera ndi mayi ake Catelyn anaphedwa pa phwando, anthu anajambulana mavidiyo akukuwa ena akugwetsa misozi pa sofa, koma palibe anakayamba petishoni, m'malo mwake owonera anachulukirachulukira. Chifukwa chake nchakuti imfa zimenezija zimapweteka koma zinali ndi mutu. Ukabwerera m'mbuyo umatha kuloza kuti Ned anadziputira yekha imfa tsiku lomwe anapita kukachenjeza mfumukazi Cersei kuti wadziwa chinsinsi cha ana ake, Robb naye anaswa lonjezo lokwatira mwana wa Walder Frey, nkhalamba yosunga chakukhosi. Lamulo la filimuyi linali limenelo, ukalakwitsa ulipira, kaya ndiwe wabwino chotani, ndipo chilichonse chochitika chili ndi pomwe chachokera.

Lamulo limeneli linachokera m'mabuku a George R. R. Martin. Buku loyamba linatuluka mu 1996, lachisanu mu 2011, chaka chomwe filimu imayamba, ndipo panatsala awiri oti nkhani ithe. David Benioff ndi D. B. Weiss, amene amayendetsa ndi kulemba filimuyi, analoledwa kugwira ntchitoyi atayankha molondola funso lomwe Martin anawafunsa loti mayi wake wa Jon Snow ndi ndani, ndekuti mabukuwo amawadziwa bwino, pamenepo tisawanamizire. Chiyembekezo cha aliyense chinali choti Martin azilemba ali patsogolo, filimu izibwera pambuyo. Sizinatero. Pofika sizoni 5 filimu inawapeza mabuku, kuyambira sizoni 6 inawadutsa. Mu 2013 awiriwa anapita ku Santa Fe komwe Martin amakhala, nawauza zikuluzikulu za komwe nkhani ikulowera, monga zoti Stannis adzawotcha mwana wake Shireen ndi komwe dzina la Hodor linachokera. Apa nde pali gwero la vuto lonse, anali ndi malo okafikako koma njira yake panalibe amene anali atailemba, ngakhale mwini wake. Martin amanena yekha kuti salemba ngati mmisiri wokhala ndi pulani ya nyumba yonse papepala, amalemba ngati wolima dimba amene amadzala nkumawona zomwe zamera, ndiye anthu ake m'nkhani amachita zomwe khalidwe lawo likuwatuma, nchifukwa chake amachedwa kumaliza. Olemba filimu analibe mwayi wodikira, tsiku lojambula likakwana lakwana basi.

Kenako panabwera chiganizo chomwe mpaka lero anthu sachimvetsa. Masizoni 6 oyamba anali ndi ma episodi 10 iliyonse, koma sizoni 7 inakhala ndi 7, sizoni 8 inakhala ndi 6 okha, onse pamodzi 73. HBO sinali yokana kupereka ndalama, Benioff ndi Weiss anavomera okha kuti kampaniyo ikanakondwa ndi ma episodi ambiri, ndipo Martin ananena poyera mu 2018 kuti nkhaniyi ikanatha kufika masizoni 11, 12 ngakhale 13. Awiriwo anasankha kutseka. Zizindikiro za phuma zinayamba kuwoneka mu 2017, ulendo umene kale umatenga theka la sizoni, anthu akucheza panjira ife nkumawadziwa bwino, tsopano umangotenga mphindi, makamaka pomwe Jon ndi anzake anazingidwa pa nyanja youma ndi chisanu kuseri kwa Khoma lalikulu lotchinga kumpoto, Gendry nkuthamanga kubwerera, khwangwala nkuuluka ndi uthenga mpaka ku Dragonstone, Daenerys nkufika ndi madiragoni ake, zonsezo anthu aja atangokhala pamwala. Anthu anang'ung'udza koma anakhululuka, amati sizoni yomaliza ikonza zonse. Anadikira chaka ndi miyezi yoposa 7.

Sizoni 8 inayamba pa 14 April 2019, ndipo ma episodi awiri oyamba analandiridwa bwino, makamaka yachiwiri, usiku woti mawa kuli nkhondo, anthu atakhala mozungulira moto akumwa, Jaime nkumugwaditsa Brienne kumupatsa ulemu wa msilikali umene anaulakalaka moyo wake wonse. Panalibe nkhondo iliyonse mu episodi imeneyo, anthu kumangoyankhulana, koma ambiri amaitchula kuti ndi yabwino koposa mu sizoni yonse, zomwe zikuwonetsa chimene anthu amakondera filimuyi.

Phokoso linayamba pa 28 April ndi The Long Night, nkhondo yolimbana ndi gulu la akufa pa Winterfell, yomwe anaijambula usiku 55 ku Northern Ireland m'matope ndi kuzizira koopsa, mphindi 82. Dandaulo loyamba linali losavuta kumva, sitikuwona kanthu. Chithunzi chinali chakuda kwambiri moti anthu amazimitsa magetsi, kutseka makatani, kukweza kuwala kwa TV mpaka kumapeto, komabe osadziwa kuti amene wagwayo ndi ndani, nanji amene amawonera pa laputopu kapena pa foni kopi ya pa flash yochepetsedwa kale, amangomva kukuwa. Wojambula wake Fabian Wagner atafunsidwa anati vuto ndi lakuti anthu ambiri sadziwa kutchuna ma TV awo, yankho limenelo linangothira mafuta pamoto. Koma dandaulo lenileni linali lakuya kuposa mdima. Filimu yonse inatsegulidwa mu 2011 ndi ma White Walker, zilombo za m'chisanu zodzutsa akufa, kwa zaka 8 timauzidwa kuti kulimbirana mpando ndi zachibwana, chowopsa chenicheni chikubwera kuchokera kumpoto, ndiye chowopsacho chinatha usiku umodzi, pa mzinda woyamba waukulu umene chinafika, Arya atadumpha kuchokera mumdima nkumubaya Night King, mtsogoleri wa ma White Walker. Kuti Arya ndi amene anapha, ambiri anasangalala nazo usiku umenewo, m'mabala ku America anthu anakuwa ngati kwalowa chigoli. Mawa lake ndi pomwe mafunso anayamba, nanga Jon anaukitsidwiranji kwa akufa, nanga Bran anavutikiranji ulendo wonse uja kuti usiku wa nkhondo angokhala pansi pa mtengo, nanga ndi mkulu wankhondo uti amatumiza okwera pa mahatchi onse kukalowa mumdima osadziwa chomwe chili kutsogolo, nkuika amayi ndi ana kumanda a pansi pomwe mdani wake amadzutsa akufa. Ndipo anthu otchuka amakwiriridwa ndi khamu la akufa kamera nkuchoka, ikabwerera ali bwinobwino. Mu sizoni 3 munthu wotero akanafa. Benioff atafotokoza kuti anasankha Arya chifukwa anthu sakanayembekezera, mafani ambiri anati apo nde mwadziulula, mukulemba kuti mutidzidzimutse osati kuti nkhani ikhale ndi mutu.

Episodi 4 inabwera ndi kapu ya khofi ija. Pa phwando la ku Winterfell, patebulo patsogolo pa Daenerys, panali kapu ya pepala ya masiku ano, anthu amati ndi ya Starbucks ngakhale sinali, HBO inavomera kulakwitsako nkuifufuta ndi kompyuta. Ndi kanthu kakang'ono, zotere zimachitika m'mafilimu ambiri, koma kanabwera nthawi yomwe anthu anali atayamba kale kukayikira kuti opanga filimu atopa nayo, ndiye kanasanduka umboni, filimu yoti episodi imodzi akuti imadya madola pafupifupi 15 miliyoni ndipo palibe anawona kapu. Mu episodi yomaliza anthu anapezanso mabotolo a madzi a pulasitiki pafupi ndi mapazi a Sam ndi Davos. Mu episodi 4 momwemo diragoni Rhaegal analasidwa ali m'mwamba ndi mivi yochokera pa zombo za Euron zomwe Daenerys sanazione, ndipo Benioff pofotokoza anati Daenerys anakhala ngati waiwala za zombozo, pomwe mu episodi yomweyo anthu ake anali atazitchula pa msonkhano iye ali pompo. Mawu amenewo a kuiwala anasanduka nthabwala ya pa intaneti mpaka lero. Missandei, mkazi wakuda yekhayo pakati pa anthu akuluakulu a m'filimuyi, amene anachotsedwa mu ukapolo, anafa atamangidwa unyolo, kudulidwa mutu kuti bwana wake apse mtima, ndipo owonera akuda ambiri zinawapweteka mwapadera, ine ndikuwamvetsa. Sansa naye anapatsidwa mawu omveka ngati nkhanza zomwe anachitiridwa, kuphatikizapo kugwiriridwa, ndi zomwe zinamulimbitsa, mpaka wochita mafilimu wotchuka Jessica Chastain analemba pa Twitter kudzudzula. Ngakhale zoti Jon anasiyana ndi Ghost, mmbulu wake woweta uja, osamusisita nkomwe zinakwiyitsa anthu.

Koma pachimake penipeni ndi pa 12 May, The Bells. Daenerys wawononga zida zonse zolasira madiragoni, zomwe sabata yathayo zinapha Rhaegal mosavuta koma lero zikuphonya zonse, asilikali a Lannister ataya malupanga, mabelu ogonja akulira, nkhondo wapambana. Ali pamsana pa diragoni wake Drogon pamwamba pa khoma la mzinda, akuyang'ana nyumba yachifumu, nkhope ikunjenjemera, kenako akunyamuka nkuyamba kuwotcha misewu, msewu ndi msewu, amayi ndi ana akuthawa, osalunjika nkomwe komwe kuli Cersei poyamba. Kuyambira pamenepo kamera sinatiwonetsenso nkhope yake mu episodi yonse, timangowona moto kuchokera pansi.

Apa owonera anagawikana pawiri ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Ena amati munali mukugona, mkaziyu wakhala akutiuza kuyambira kale. Anawotcha Mirri Maz Duur wamoyo mu sizoni 1, pa chipata cha Qarth analonjeza kuti madiragoni ake akadzakula adzawotcha mizinda, ku Meereen anapachika eni akapolo 163 osafufuza kuti wolakwa ndi uti, anawotcha mafumu a Dothraki mkachisi, anawotcha Randyll Tarly ndi mwana wake Dickon chifukwa chokana kugwada, ife timawomba m'manja chifukwa amene amapsawo sitimawakonda. Mfundo imeneyi Tyrion anaibwereza yekha mu episodi yomaliza. Ena amati ayi, onse mwatchulawo anali adani, eni akapolo kapena asilikali, koma ndi Daenerys yemweyo amene atamubweretsera mafupa a kamwana kamodzi kowotchedwa ndi Drogon anatsekera madiragoni ake awiri kumdima iye akulira, ndi yemweyo anasiya nkhondo yake ya mpando nkupita kumpoto kukapulumutsa anthu, nkutayako theka la asilikali ake. Kuchoka pamenepo kufika powotcha ana amene agonja kale pali mtunda, ndipo mtundawo anaudumpha m'ma episodi awiri. Zifukwa anaziika ndithu, Jorah wafa, Missandei wafa, madiragoni awiri afa, Varys akumupangira chiwembu, Jon wamukana ndipo ali ndi ufulu pa mpando kuposa iye, koma zonsezi anangotiunjikira motsatizana, osatipatsa nthawi yokhala naye nkumawona mtima wake ukusintha. Ine ndili kumbali yachiwiriyi koma ndikuvomereza kuti komwe anathera kunali koyenera. Nkhani ya mpulumutsi amene amakhulupirira kwambiri kuti ndi wolungama mpaka kusanduka wankhanza ndi nkhani yamphamvu, ndipo ikugwirizana ndi zonse zomwe filimuyi imanena zokhudza mphamvu. Zinali ngati nyemba zabwino zomwe waziphula zisanapse chifukwa alendo akufulumira, ndi nyemba zomwezo koma sizidyeka.

Tisaiwalenso mmene anthu anamukondera mkaziyu kunja kwa filimu. Ku America mu 2018 mokha ana aakazi 560 anapatsidwa dzina loti Khaleesi, dzina laulemu la Daenerys. Elizabeth Warren, wandale amene nthawi imeneyo amafuna kupikisana nawo pa upulezidenti wa America, analemba nkhani mu April 2019 yomutama Daenerys, patangotsala masabata ochepa kuti awotche mzinda. Amayi ambiri amamuwona ngati chitsanzo, mtsikana wogulitsidwa ndi mchimwene wake amene anadzuka nkumasula akapolo, ndiye kuwona kuti pamapeto akazi awiri amphamvu kwambiri m'filimu, wina wapenga wina wafa akulira m'manja mwa mwamuna, kenako amuna nkukhala pansi kugawana maudindo, kunawawa. Emilia Clarke mwiniwake, amene anasewera Daenerys, anauza Entertainment Weekly kuti atawerenga sikiripiti analira, anatuluka m'nyumba nkuyenda maola 5, kubwerako ndi matuza kumapazi.

Za Jaime nazo zinapweteka anthu ambiri, mwina kuposa mmene zimakambidwira. Munthuyu tinamudziwa akukankha mwana pawindo, kenako mu sizoni 3, ali m'bafa ndi Brienne dzanja litadulidwa, anaulula kuti anapha Mfumu Aerys, bambo ake a Daenerys, chifukwa imafuna kuwotcha mzinda wonse ndi anthu ake, nalolera kunyozedwa moyo wake wonse. Zaka zonsezo timamuwona akusintha pang'onopang'ono. Nde mu The Bells akuuza Tyrion kuti anthu wamba sanawalabadirepo kwenikweni, nkubwerera kwa Cersei kukafera limodzi pansi pa njerwa. Kuti munthu abwerere ku chikondi chomuwononga zimachitika m'moyo, palibe angatsutse, koma mawu amenewo anafufuta chinthu chomwe chinamupanga kukhala Jaime. Cersei, mdani wamkulu wa filimu yonse, sizoni yomaliza anaithera ataima pawindo ndi kapu ya vinyo, ndipo Lena Headey, amene anasewera Cersei, ananena pambuyo pake kuti amafuna imfa yabwinoko.

Episodi yomaliza ya pa 19 May inawoneredwa ndi anthu 19.3 miliyoni ku America usiku umenewo, chiwerengero chomwe HBO inali isanachionepo. Jon anabaya Daenerys akumupsompsona, Drogon anasungunula mpando wachitsulo nkunyamula mtembo. Theka loyambalo ambiri analilandira. Chomwe chinawabalalitsa ndi msonkhano wotsatira, Tyrion, mkaidi womangidwa unyolo amene wabweretsedwa kudzaweruzidwa, ndi amene akusankha mfumu, ndipo akusankha Bran ati chifukwa palibe ali ndi nkhani yoposa yake, Bran amene sanawoneke nkomwe mu sizoni 5 yonse ndipo anali atanena kale kuti sangakhale mfumu ya chilichonse. Sansa akuti kumpoto kukhala kodziimira pakokha, ndipo a ku Dorne ndi a ku Iron Islands, amene akhala akufuna ufulu womwewo, angokhala chete. Chinsinsi chachikulu chija choti Jon kwenikweni ndi Aegon Targaryen, woyenera mpando wachifumu, chomwe owerenga mabuku anakhala akuchisanthula kuyambira zaka za m'ma 1990, sichinatchulidwe nkomwe pa msonkhanowo. Bronn, munthu wa lupanga wolipidwa, anakhala woyang'anira chuma cha dziko. Pa IMDb, webusayiti yomwe owonera amapatsa mafilimu malikisi, episodiyi ili cha pa 4 pa 10, pomwe ma episodi ngati Battle of the Bastards ali pa 9.9, ndipo pa Rotten Tomatoes, yomwe imasonkhanitsa maganizo a ounika mafilimu, sizoni 8 inapeza 55 peresenti pomwe ena onse anali m'ma 90.

Mwa zonse zomwe zinalembedwa nthawi imeneyo, kufotokoza komwe ine ndimakuwona kuti kunalasa ndi kwa Zeynep Tufekci mu Scientific American. Iye anati masizoni oyamba amafotokoza nkhani ya dziko ndi mmene limayendera, mabanja, ngongole, chipembedzo, miyambo, malumbiro, mmene zimenezi zimakankhira anthu kuchita zomwe amachita, nchifukwa chake munthu wamkulu amatha kufa nkhani nkumapitilira, ndipo ngakhale woipa umatha kumumvetsa. Mabuku atatha, olemba anabwerera ku kalembedwe kozolowereka ku Hollywood, komwe zonse zimachokera mumtima mwa munthu mmodzi, uyu ndi ngwazi, uyu wapenga chifukwa cha magazi a bambo ake. Taganizirani, Cersei anaphulitsa kachisi wamkulu wa mzinda mu sizoni 6, kuphera momo mkulu wa chipembedzo ndi mfumukazi yokondedwa ndi anthu, ndipo palibe chinamuchitikira, anthu a mumzinda sanaukire, pomwe mu sizoni 2 anthu omwewo anachita zipolowe chifukwa cha njala. Dziko lija linali litasiya kuyankha, anatsala ndi anthu otchuka okhaokha akuyenda pa bwalo lopanda kanthu. Owonera ambiri sakanatha kuzifotokoza chonchi koma amazimva m'thupi kuti china chake chachoka.

Tsono mkwiyowo nawo unali ndi mbali yake yoipa, tisabise. Petishoni ija inachokera kwa mmodzi wa gulu la pa Reddit lotchedwa freefolk, komwenso nkhani ya mathero inali itatayikira kale masabata angapo filimu isanathe, moti ena anayamba kukwiya asanawonere nkomwe. Gulu lomwelo linachita kampeni yoti ukasaka mawu oti olemba oipa pa Google pazituluka chithunzi cha Benioff ndi Weiss. Kudzudzula ntchito ndi ufulu wa wowonera aliyense, koma zina zinafika pa kutukwana anthu ndi kuwasaka, ndipo zimenezo sindingaziikire kumbuyo. Sophie Turner, amene anasewera Sansa, anauza New York Times kuti petishoniyo ndi kusalemekeza anthu amene anagwira ntchito miyezi yambiri usiku ndi usana, ndipo ukawonera The Last Watch, filimu yowonetsa mmene amajambulira yomwe inatuluka pa 26 May, umamumvetsa, umawona anthu opaka nkhope, othira chisanu chabodza, ogulitsa chakudya, atatheratu ndi kutopa, umawonanso Kit Harington, amene anasewera Jon, akugwetsa misozi pa tebulo lowerengera atangodziwa kuti Jon apha Daenerys. Komabe ambiri osayina amati ife sitikulimbana ndi ochita sewero, kapena Ramin Djawadi amene nyimbo zake zinali zapamwamba mpaka kumapeto, tikulimbana ndi zolembedwa, ndipo palibe amayembekezera kuti HBO ijambuladi, inali njira yongokuwira pamodzi. Anthu a freefolk omwewo anasonkha ndalama zothandiza SameYou, bungwe la Emilia Clarke lothandiza ovulala ubongo, iye atangoulula mu March chaka chomwecho kuti anadwala kawiri matenda a mtsempha wa mu ubongo nthawi yomwe filimuyi imajambulidwa. Ndiye gulu limodzi lomwelo munali nkhanza ndi chikondi.

Ochita sewero nawo sanayankhule chimodzi. Conleth Hill, Varys uja, ananena kuti masizoni omalizawa sanali okondedwa ake. Peter Dinklage, Tyrion uja, mu 2021 anati anthu anakwiya chifukwa filimu inawasiya ngati chibwenzi chatha, ndipo amafuna mathero okoma. Pamenepo ndikuwona kuti analakwitsa kuwerenga anthu, owonera amene anapirira Red Wedding sanali ofuna ukwati wa Jon ndi Daenerys. Harington, amene poyamba amakalipira odzudzula, mu 2024 anauza GQ kuti onse anali atatopa kwambiri moti sakanatha kupitiliza, ndipo akumvetsa amene amati zinathamangitsidwa, mwinanso akugwirizana nawo. Kutopa kumeneku ndi chifukwa chomwe mafani ambiri sachiwerengera. Anthu amakonda kunena kuti Benioff ndi Weiss anathamangira Star Wars, poti mu February 2018 kunalengezedwa kuti apanga mafilimu a Star Wars, koma zoti filimu yonse idzakhala ya maola pafupifupi 70 anali akuzitchula zaka zambiri izi zisanachitike, ndipo ntchito yojambula m'maiko angapo nthawi imodzi kwa zaka pafupifupi 10 inali itawafinya onse. Funso lomwe lilibe yankho labwino ndi loti ngati anatopa, bwanji sanasiyire ena kuti amalize.

HBO sinagwedezeke, mkulu wa mapulogalamu ake Casey Bloys ananena kuti zojambulanso sanaziganizireko mozama. Sizoni yomweyo yodedwayo inasankhidwa kupikisana pa ma Emmy 32, mphoto zazikulu za pa TV ku America, nkupambana 12 kuphatikizapo ya sewero lopambana onse, filimu yonse nkutseka ndi ma Emmy 59. Benioff ndi Weiss sanapite ku Comic-Con ya ku San Diego mu July 2019 ngakhale anali pa mndandanda, mu August anasayina ndi Netflix mgwirizano womwe akuti unali wa madola 200 miliyoni, mu October anasiya za Star Wars zija. Ambiri analumbira kuti za Westeros, dziko la m'filimuyi, basi sadzawoneranso, koma House of the Dragon, filimu ina ya dziko lomwelo, itayamba mu August 2022 anthu pafupifupi 10 miliyoni anawonera usiku woyamba ku America, ndekuti dzikolo amalikondabe, chomwe anakana ndi mmene nkhani yoyambayo inatsekedwera.

Mtsutso woti kodi vuto linali mathero enieniwo kapena njira yofikirako ukanatha ndi buku, koma buku lachisanu ndi chimodzi, The Winds of Winter, mpaka pano silinatuluke, ndipo pambuyo pake pakuyenera kubweranso lina. Isaac Hempstead Wright, amene anasewera Bran, ananena kuti olemba anamuuza kuti zoti Bran adzakhala mfumu zinachokera kwa Martin. Martin mwiniwake, filimu itangotha, analemba kuti anthu akumufunsa ngati mabuku adzathe chimodzimodzi, ndipo yankho lake linali eya ndi ayi, kubwereza kangapo, nakumbutsa kuti iye ali ndi masamba masauzande oti alembe pomwe anzakewo anali ndi maola 6 okha, komanso kuti m'mabuku muli anthu ambiri amene mu filimu munalibe ndi ena amene mu filimu anafa koma m'mabuku akadali moyo.